8 ÷ 2(2 + 2): Chifukwa chiyani samu imodzi ikutulutsa mayankho awiri?

Chakumapeto kwa July 2019, kasamu ka mzere umodzi kanayamba kuzungulira pa Twitter, kenako kanafika pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp: 8 ÷ 2(2 + 2). Ena ankapeza 16, ena 1, ndipo mbali iliyonse inkauza inzake kuti ibwerere ku pulayimale. Aka sikanali koyamba. Mu 2011 anthu analimbana chimodzimodzi pa 48 ÷ 2(9 + 3), ena akuti 288, ena akuti 2, ndipo 6 ÷ 2(1 + 2) imangobwerabwera pa masamba a mchezo ndi mayankho ake awiri, 9 ndi 1. Chozunguza mutu kwambiri n'chakuti ngakhale makina sagwirizana. Mukalemba 8 ÷ 2(2 + 2) pa calculator ya Casio fx-82MS, imene ana ambiri a sekondale amaidziwa, ikupatsani 1. Mukailemba pa Google, mulandira 16.

Nkhaniyi si yoipeputsa. Mwana amene anauzidwa kuti masamu sanama, akaona anthu ophunzira akukokanakokana pa 8 ndi 2, amayamba kukayikira ngati zimene akuphunzira zili ndi mutu. Choncho ndi bwino kuona mofatsa pamene pagona nkhani.

Pamene njira zimasiyanira

Mbali zonse ziwiri zimanyamuka mofanana. M'kati mwa mabulaketi muli 2 + 2, ndipo palibe wotsutsa kuti ndi 4. Chotsala ndi 8 ÷ 2(4). Apa ndiye pamphambano.

Gulu loyamba limati 2(4) ndi chidule chabe cha 2 × 4. Ndiye kuti samu yonse ndi 8 ÷ 2 × 4, ndipo popeza kugawa ndi kuchulukitsa n'zamsinkhu umodzi, timayenda kuchokera kumanzere kupita kumanja: 8 ÷ 2 ndi 4, kenako 4 × 4 ndi 16. Gulu lachiwiri limati nambala 2 yagundana ndi bulaketi popanda chizindikiro pakati, kotero ziwirizi ndi mtolo umodzi wosayenera kuumasula. Mtolowo ndi 8, ndipo 8 ÷ 8 ndi 1.

Taonani kuti palibe amene waphonya kuwerengera. Onse akudziwa kugawa, onse akudziwa kuchulukitsa. Akusiyana pa funso limodzi lokha: chizindikiro cha ÷ chikugwira mpaka pati? Chikugawa 8 ndi 2 yekha, kapena ndi zonse zimene zili kumanja kwake?

Munthu akakuuzani kuti "ndakumana ndi mwana wa mlimi wamtali", wamtaliyo ndani, mwanayo kapena mlimiyo? Chiganizocho ndi Chichewa chabwinobwino, koma sichikunena kuti mawu akuti wamtali akumamatira kwa yani. Anthu atha kugwirizana kuti mawu ofotokoza azimamatira ku dzina limene ayandikana nalo, ndipo kwa onse ovomereza panganolo nkhani yathera pomwepo. Koma limenelo ndi pangano la olankhula, silikuchokera ku msinkhu wa mlimi. Masamu olembedwa pa mzere umodzi amadaliranso mapangano otere, ndipo samu ya 2019 ija inagwera pamalo pamene mapangano awiri amawombana.

Dongosolo la chimene chimayamba

Samu ikakhala ndi zizindikiro zingapo, pamafunika lamulo lonena choyambira. Tengani 2 + 3 × 4. Wongoyenda kuchokera kumanzere apeza 20. Woyamba ndi kuchulukitsa apeza 14. Mabuku a masamu a mayiko onse amati 14, ndipo apa palibe mkangano. Dongosololi lili ndi masitepe anayi: choyamba za m'kati mwa mabulaketi, chachiwiri mapawa monga 3² (kutanthauza 3 × 3), chachitatu kuchulukitsa ndi kugawa pamodzi, chomaliza kuphatikiza ndi kuchotsera pamodzi. Zokhala pa sitepe imodzi zimachitidwa kuchokera kumanzere.

Ngakhale ndi pangano, silinangotoledwa pamsewu. Mukagula makope 3 pa K500 limodzi ndi zolembera 2 pa K200 chimodzi, mulemba 3 × 500 + 2 × 200, ndipo mukudziwa kale kuti mulipira K1,900. Mutati muyende kuchokera kumanzere osasamala dongosolo, mungapeze 1,500, kuphatikiza 2 kukhala 1,502, kuchulukitsa ndi 200, n'kufika pa 300,400, nambala yosagwirizana ndi chilichonse chimene mwanyamula m'jumbo. Zowerengera zambiri za tsiku ndi tsiku zimakhala choncho: timagulu tochulukitsidwa, kenako n'kutiphatikiza. Ngakhale nambala 347 ndi 3 × 100 + 4 × 10 + 7. Kuika kuchulukitsa patsogolo kumatipulumutsa ku mabulaketi osawerengeka. Popanda panganoli, chinthu chophweka ngati 3x² + 5x + 2 chikanafuna mabulaketi pa chigawo chilichonse.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti palibe msonkhano umene unakhalapo pansi n'kukhazikitsa dongosololi. Kwa zaka mazana ambiri masamu ankalembedwa m'mawu. Al-Khwarizmi, amene analemba buku lake la algebra ku Baghdad cha m'ma 820, ankafotokoza samu iliyonse m'ziganizo zathunthu, ndipo chiganizo chimanena chokha chimene chikuyamba. Zizindikiro zinabwera chimodzichimodzi, kuchokera kwa anthu osiyana, m'mayiko osiyana. Zizindikiro za + ndi − zinasindikizidwa koyamba mu 1489 m'buku la Johannes Widmann ku Leipzig. Robert Recorde wa ku Wales anabweretsa = mu 1557. Chizindikiro cha × chinatchuka ndi buku la William Oughtred la 1631. René Descartes mu 1637 anazika chizolowezi cholemba x, y ndi z pa nambala zosadziwika ndi kukweza kanambala pamwamba posonyeza pawa. Chizindikiro cha ÷ chinagwiritsidwa ntchito pogawa mu 1659 m'buku la Johann Rahn wa ku Switzerland. Mabulaketi nawo anachedwa kuzika mizu. Kwa nthawi yaitali olemba ankamanga mtolo pojambula mzere pamwamba pa nambala, ndipo mzerewo ukadalipo lero pa chizindikiro cha √.

Kuika kuchulukitsa patsogolo pa kuphatikiza kunalowa mwakachetechete limodzi ndi algebra ya m'zaka za m'ma 1600, chifukwa ndi mmene olemba ankachitira mwachizolowezi. Koma malamulo olembedwa mwandondomeko, amene ana amaloweza, anadza mochedwa, kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa za m'ma 1900, pamene mabuku a sukulu anayamba kusindikizidwa ochuluka. Ngakhale pamenepo sanamvane pa zonse. Florian Cajori, amene anafufuza mozama mbiri ya zizindikiro za masamu, analemba mu 1928 kuti pa nthawiyo panalibe mgwirizano wonena choyamba ngati ÷ ndi × zakumana pamodzi. Ndiye kuti lamulo loyenda kuchokera kumanzere, limene ambiri amaliona ngati lachikhalire, linali lisanavomerezedwe ndi onse zaka 100 zapitazo.

BODMAS, PEMDAS ndi zimene sizinena

Ambiri a ife ku Malawi ndi ku Zambia tinaloweza BODMAS, monga amachitira ana a ku Britain, India ndi mayiko ena amene maphunziro awo anatengera ku Britain. Zilembozi zikuimira mawu a Chingerezi akuti Brackets, Of kapena Orders (mapawa), Division, Multiplication, Addition ndi Subtraction. Ku America amaloweza PEMDAS, ku Canada BEDMAS, ndipo sukulu zina za ku Britain zimati BIDMAS. Onsewa ndi mawu othandiza kukumbukira dongosolo limodzi lomwe lija, si malamulo osiyana.

Vuto lake n'lakuti zilembozo ndi 6 pomwe masitepe ndi anayi. Mwana akaziwerenga ngati mndandanda, amaganiza kuti A amatsogola S nthawi zonse. Mupatseni 10 − 3 + 2, ayamba ndi 3 + 2, n'kupeza 5, pomwe yankho ndi 9. Mwana wa ku America amagwa m'dzenje lina: mu PEMDAS chilembo M chili patsogolo pa D, ndiye pa 8 ÷ 2 × 4 amathamangira kuchulukitsa n'kupeza 1, pomwe samu yolembedwa chotero, × akuonekera poyera, pafupifupi aliyense lero amati ndi 16. Ajeremani amaphunzitsa mwa njira ina. Amati Punkt vor Strich, kutanthauza kuti zizindikiro za madontho, zimene kwawo ndi za kuchulukitsa ndi kugawa, zimatsogola zizindikiro za timizere, + ndi −. Mawuwa amaonetsa magulu awiri m'malo mwa mzere wa zinthu zinayi.

Pali zifukwa ziwiri zimene zimamveka kwambiri pa mkangano wa 8 ÷ 2(2 + 2) koma sizilimba. Ena opeza 1 amati B amalamula kuti tithane ndi mabulaketi kaye, choncho 2(4) ichitidwe poyamba. Koma B amanena za m'kati mwa mabulaketi mokha. Mukapeza 4, ntchito ya B yatha, ndipo nambala 2 ili kunja. Ena opeza 16 amati BODMAS yanena kale zonse, wotsutsa sanaphunzire. Koma BODMAS ilibe chilembo chonena za kuchulukitsa kopanda chizindikiro, kumene ndiye phata la nkhaniyi.

Chilembo O chili ndi kanthu kena koyenera kukatchula. Kwa amene anaphunzitsidwa kuti O ndi Of, samu ngati 8 ÷ ½ of 4 imayamba ndi theka la 4, lomwe ndi 2, ndipo yankho ndi 4. Koma Of ndi kuchulukitsa ndithu, ndipo mukalemba 8 ÷ ½ × 4 mupeza 64. Ndiye kuti munthu wa BODMAS anazolowera kale kuyambira ali mwana kuti pali kuchulukitsa kwa mitundu iwiri, kwina komanga mwamphamvu kuposa kunzake. N'zosadabwitsa kuti ambiri otere akaona 2(4) maso awo amaona mtolo.

Kuchulukitsa kopanda chizindikiro

Apa ndi pamene payenera kukhalitsa. Mu algebra sitilemba 2 × x, timangolemba 2x. Chifukwa chimodzi n'chakuti × amafanana kwambiri ndi chilembo x, ndipo Gottfried Leibniz anadandaula za zimenezi m'kalata yake kwa Johann Bernoulli mu 1698, n'kusankha kadontho m'malo mwake. Kugundanitsa nambala ndi chilembo kunakhala njira yofala kuposa zonse, ndipo pang'onopang'ono maso a anthu a masamu anazolowera kuona 2x ngati chinthu chimodzi.

Aliyense amene anafika Fomu 2 akudziwa kuti mzere wozungulira bwalo umapezeka ndi C = 2πr, pomwe r ndi mtunda wochokera pakati pa bwalo kufika m'mphepete mwake. Mukafuna r, mulemba r = C ÷ 2π, ndipo palibe mphunzitsi amene angawerenge zimenezi ngati kugawa C ndi 2 kenako n'kuchulukitsa ndi π. Aliyense amamva kuti C akugawidwa ndi 2π yense. Komatu lamulo loyenda kuchokera kumanzere, mutalitsatira ndendende, likanapereka kumva kwinako. Zimenezi zinaonedwa kalekale. Mu 1917, N. J. Lennes analemba m'magazini ya American Mathematical Monthly kuti mabuku ankanena lamulo lina koma n'kumachita zina: samu ya 9a² ÷ 3a aliyense ankaiyankha 3a, pomwe lamulo lolembedwa likanatulutsa 3a³. Mpaka lero malangizo a olemba m'magazini a Physical Review, amene ndi ena mwa magazini akuluakulu a physics, amaika kuchulukitsa patsogolo pa kugawa kolembedwa ndi /, ndipo mabuku ambiri a physics amalemba h/2π akutanthauza h wogawidwa ndi 2π.

Choncho amene amapeza 1 sakulota. Akutsatira chizolowezi chenicheni, chakale, chimene akatswiri amachigwiritsa ntchito tsiku lililonse. Koma nawonso a 16 ali ndi poimira polimba. Lamulo lawo ndi losavuta kulinena, lilibe zopatula, ndipo ndi limene mabuku ambiri a sukulu, makamaka ku America, amaphunzitsa masiku ano. Amafunsanso funso labwino: ngati 2(4) ndi 2 × 4 ndi nambala imodzimodzi, bwanji kusintha kalembedwe kusinthe yankho la samu yonse? Ndipo chizolowezi cha algebra chija nachonso sichikhazikika paliponse. Munthu akalemba 1/2x, ambiri amamva 1 wogawidwa ndi 2x, koma alipo amene amatanthauza theka la x, makamaka akasiya kampata n'kulemba 1/2 x. Kampata kakang'ono kameneko kakusenza tanthauzo lonse, ndipo pa foni kapena pa bolodi katha kusowa mosavuta.

Steven Strogatz, pulofesa wa masamu pa Cornell University, analemba za samuyi mu The New York Times mu August 2019. Iye anati potsatira dongosolo lophunzitsidwa m'sukulu yankho ndi 16, koma anatsindika kuti nkhani yake ndi ya pangano la kalembedwe, ndipo anthu ambiri odziwa masamu atamutsutsa, iye anavomereza kuti samuyo inalembedwa mosokoneza.

Kwa ine, chimene chimaonekera kwambiri pa 8 ÷ 2(2 + 2) n'chakuti yasakaniza kalembedwe ka misinkhu iwiri. Chizindikiro cha ÷ n'cha masamu a ku pulayimale, kumene kuchulukitsa kumalembedwa poyera ndi ×. Kugundanitsa 2 ndi bulaketi n'kwa algebra, kumene kugawa kumalembedwa ngati fulakishoni, china pamwamba china pansi. Kalembedwe kalikonse pakokha kamayenda bwino. Mukaziika pa mzere umodzi, wowerenga amakokedwa mbali ziwiri, ndipo amapita kumene maphunziro ake anamuzoloweza.

Chizindikiro cha ÷ ndi mzere wa fulakishoni

Chizindikiro cha ÷ sichili ponseponse monga timaganizira. M'mayiko ambiri a ku Ulaya amagawa ndi madontho awiri, 8 : 2, kutsatira Leibniz. Kumayiko a Scandinavia, ÷ anakhala nthawi yaitali akutanthauza kuchotsera. Bungwe loona za miyezo padziko lonse la ISO, mu muyezo wake wa zizindikiro za masamu wa ISO 80000-2, limati ÷ asagwiritsidwe ntchito pogawa, ndipo limalimbikitsa / kapena mzere wopingasa wa fulakishoni.

Mzere wopingasawu ndi wakale kuposa ÷. Unkagwiritsidwa ntchito ndi al-Hassar wa ku Morocco m'zaka za m'ma 1100, ndipo Fibonacci anaufalitsa ku Ulaya ndi buku lake la 1202. Ubwino wake ndi woti umagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi: umagawa, komanso umamanga mitolo. Mukalemba 8 pamwamba, 2(2 + 2) pansi pa mzere, aliyense apeza 1. Mukalemba 8 pamwamba, 2 pansi, kenako (2 + 2) pambali, aliyense apeza 16. N'chifukwa chake anthu ogwira ntchito ndi masamu sakumana ndi mkanganowu kawirikawiri, pepala limawapatsa malo okwera ndi otsika. Vuto limabadwa pamene samu ya nsanjika ziwiri yapanikizidwa kuti ikwane pa mzere umodzi, monga zinkachitikira posindikiza mabuku motchipa, pa taipi, ndipo lero pa kiyibodi ya foni. Pa mzere umodzi, ntchito yomanga mitolo imatsalira mabulaketi: (8 ÷ 2)(2 + 2) kapena 8 ÷ (2(2 + 2)).

Makina amatsatira amene anawapanga

Anthu ambiri amathamangira ku calculator kuti iweruze mlandu. Koma calculator ilibe nzeru zoposa za amene anaikonza, imangochita pangano limene anaiikira. Ka calculator ka m'golosale, kopanda mabatani a sin ndi cos, kamachita chilichonse pomwe mwachidina. Mukadina 2 + 3 × 4 kakupatsani 20, ndipo calculator ya pa Windows imachitanso chimodzimodzi ikakhala pa Standard, koma mukaisinthira pa Scientific imapereka 14.

Ngakhale kampani imodzi imasintha maganizo. Calculator ya TI-82 ya kampani ya Texas Instruments inkawerenga 1/2x ngati 1 wogawidwa ndi 2x, koma kuyambira pa TI-83 kampaniyo inaika kuchulukitsa kwa mitundu yonse pa msinkhu umodzi. N'chifukwa chake 6 ÷ 2(1 + 2) imapereka 9 pa TI-83 Plus koma 1 pa Casio fx-82MS. Ma Casio ena atsopano amachita chinthu chothandiza: mukadina =, amalembanso samu yanu pa sikirini ataonjezera mabulaketi, 6 ÷ (2(1 + 2)), kuti muone mmene aimvera asanakupatseni yankho.

Zilankhulo zambiri zolembera mapulogalamu a kompyuta zinangotseka khomo. Mu Python, mukalemba 8/2(2+2) simulandira 16 kapena 1, mulandira uthenga woti pali cholakwika, chifukwa kuchulukitsa kumafuna chizindikiro cha * nthawi zonse. Komabe makompyuta ali ndi mikangano yawoyawo, ndipo ina imakhudza anthu a m'maofesi. M'masamu a m'kalasi, −3² ndi −9, chifukwa pawa imayamba, chizindikiro cha − n'kubwera pambuyo. Python imavomereza zimenezi. Koma mukalemba =-3^2 mu Microsoft Excel, mmene ^ amaimira pawa, mupeza 9, pomwe =0-3^2 mu Excel momwemo ikupatsani −9. Mapawa osanjikizana nawonso amasiyanitsa: 2^3^2 ndi 64 mu Excel, imene imayambira kumanzere, koma mabuku a masamu amayambira pamwamba, 3² kukhala 9, kenako 2 pawa 9, yomwe ndi 512, ndipo Python imapeza yomweyo. Munthu wowerengera chiwongoladzanja cha ngongole kapena mlingo wa simenti pa Excel ali ndi chifukwa chokwanira choikira mabulaketi ngakhale pamene akuona ngati n'zodziwikiratu.

Alipo amene anayesa kuchotseratu vutoli. Jan Łukasiewicz wa ku Poland anapeza mu 1924 kalembedwe kosafuna mabulaketi n'komwe, koika chizindikiro patsogolo pa nambala zake. Kalembedwe kotembenuza kake, koika chizindikiro pambuyo, kanagwiritsidwa ntchito pa calculator ya HP-35 ya kampani ya Hewlett-Packard mu 1972. Pamenepo 8 2 ÷ 4 × ndi 16, ndipo 8 2 4 × ÷ ndi 1, popanda kukayika kulikonse. Mainjiniya ena amakakonda mpaka pano, koma m'sukulu sikanalowe.

Malo ena amene kalembedwe kamaterera

Kugundanitsa zinthu kulibe tanthauzo limodzi m'masamu. Mu 2x ndi kuchulukitsa, mu 2½ ndi kuphatikiza, ndipo mu 23 ndi 20 ndi 3. Pa sin²x kanambala kapamwamba ndi pawa, koma pa sin⁻¹x sikatanthauza 1 wogawidwa ndi sin x. Mawu akuti log amaimira maziko a 10 ku sekondale, maziko a nambala yapadera yotchedwa e kwa akatswiri ambiri a masamu, ndipo nthawi zambiri maziko a 2 kwa a makompyuta. Chapafupi ndi ife ndi nkhani ya chizindikiro cha koma (,) ndi kadontho. Ku Malawi ndi ku Zambia 1,500 ndi chikwi chimodzi ndi mazana asanu, koma ku Mozambique, kumene amatsata kalembedwe ka Chipwitikizi, chizindikiro cha koma ndi chimene chimalekanitsa nambala yathunthu ndi zidutswa zake, ndipo sukulu za ku South Africa zimaphunzitsanso choncho. Wamalonda wa ku Dedza ndi mnzake wa ku Angónia atha kuwerenga pepala limodzi n'kuona nambala ziwiri zosiyana kwambiri. Pa zonsezi anthu amapulumuka chifukwa amadziwa nkhani imene nambalazo zikukamba. Samu za pa masamba a mchezo zimabwera zokhazokha, zopanda makope kapena bwalo kumbuyo kwake, ndiye palibe chothandiza kusankha tanthauzo.

Mafunso amene akadali poyera

Funso loyamba ndi la ulamuliro. Masamu alibe khoti lalikulu. ISO imapereka malangizo, magazini amakhala ndi malamulo awo, makampani a ma calculator amasankha okha, ndipo unduna wa maphunziro wa dziko lililonse umavomereza mabuku ake. Ndani angalamule kuti kuchulukitsa kopanda chizindikiro kukhale pa sitepe yakutiyakuti, onse n'kumvera? Ndipo atalamula, mabuku a physics ndi uinjiniya amene analembedwa kale mwa chizolowezi china angatani?

Lachiwiri ndi la malire a chizolowezi cha algebra. Ambiri amene amavomereza kuti 1/2x ndi 1 wogawidwa ndi 2x amazengereza akafika pa 2(4), pamene pali nambala zokhazokha. Kodi nambala yogundana ndi bulaketi imamanga mwamphamvu ngati nambala yogundana ndi chilembo? Ngati x ndi 4, kodi 8 ÷ 2x ndi 8 ÷ 2(4) ziyenera kupereka yankho limodzi? A 1 amati inde, apo ayi kulowetsa nambala m'malo mwa chilembo kungasinthe samu. A 16 ena amayankha kuti polowetsapo muyenera kuika mabulaketi kuzungulira 2x yense, ena amati ngakhale 8 ÷ 2x iwerengedwe kuchokera kumanzere.

Lachitatu ndi la m'kalasi. Aphunzitsi ena m'mayiko osiyanasiyana amafuna kuti BODMAS ndi PEMDAS zisiyidwe chifukwa zimabala zolakwa ngati 10 − 3 + 2 = 5, ndipo m'malo mwake ana aphunzire kuona timagulu m'samu. Ena amati m'kalasi ya ana ochuluka, mabuku ochepa, mawu oloweza ndi chogwirira chimene mwana amapita nacho kunyumba. Palinso funso loti ÷ azisiyidwa pa kalasi iti, ndiponso ngati ana ayenera kuuzidwa poyera kuti kalembedwe kena kali ndi matanthauzo awiri, kapena kuwauza msanga kungawasokoneze asanakhazikike.

Lomaliza likukhudza mayeso. M'chipinda chimodzi cha mayeso a MSCE kapena a Grade 12 ku Zambia mutha kukhala ma calculator a mitundu ingapo, ena otsatira pangano ili, ena linalo. Wolemba mafunso atha kupewa vutoli polemba fulakishoni ya nsanjika ziwiri, koma mwana ndi amene amaitsitsira pa mzere umodzi akamadina mabatani. Akadina 8 ÷ 2(2 + 2) pofuna 8 pamwamba ndi zina zonse pansi, Casio fx-82MS imupatsa chimene amafuna, pomwe mnzake wa pa desiki lina, wodina mabatani omwewo pa makina a mtundu wina, apeza 16. Kodi udindo wotseka mpata umenewu ndi wa mphunzitsi, wa bungwe lovomereza ma calculator olowa m'mayeso, kapena wa makampani owapanga?